Plenum ya Nissan 350Z: ndiike spacer kapena ndisinthe yonse?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi Nissan 350Z ya 2004, injini ya VQ35DE. Plenum yake (bokosi la pamwamba pa injini logawira mpweya ku masilinda) ndi yophwatalala kutsogolo, ndiye masilinda akutsogolowo salandira mpweya wokwanira. Kuno ku Lusaka tili pamtunda, mamita oposa 1,200, mpweya ndi wopepuka kale, moti ndikaponda moto pa Kafue Road imakoka mwaulesi ma rev akakwera.

Ndiike spacer (kachitsulo kokweza plenum kuti mpweya uzikwana) ya Motordyne ya 5/16 inchi, kapena ndiitanitse plenum yathunthu ya Kinetix? Mtima wanga uli pa spacer poti ndi yotchipa, koma ndikuopa kuti plenum ikakwera izigunda strut bar (chitsulo chopingasa pamwamba pa injini). Inu amene munaikapo, boneti inatsekeka bwinobwino? Nanga tuning (kuchuna kompyuta ya injini) ndi yofunika pambuyo pake? Ngati ndi choncho, dyno (makina oyezera mphamvu ya injini) ndingaipeze kuti m'tauni muno?