Makolo anathawa njala ya ku Ireland: mudzi wawo tingaupeze bwanji?

Nachisale_UK

Akuluakulu, ndithandizeni. Apongozi anga kuno ku Liverpool amati makolo awo anachoka ku Ireland nthawi ya njala yaikulu ija ya m'zaka za m'ma 1840, koma chomwe akudziwa ndi dzina la banja ndi mawu oti "kwathu n'ku Mayo" basi. Kodi mudzi weniweni ungapezeke? Nanga ana angatenge unzika wa Ireland kudzera m'magazi amenewa?

Wamabuku

Mayi, Mayo ndi boma lathunthu, zili ngati munthu kungoti "kwathu n'ku Mzimba". Chofunika ndi townland, kachigawo kakang'ono ka malo. Ku Ireland tizigawo timeneti tilipo toposa 60,000, ndipo popanda dzina lake mungotaya nthawi.

Yambirani ku Liverpool komweko. Musavutike ndi mndandanda wa okwera sitima, kulibe, chifukwa nthawi imeneyo Ireland anali mbali ya United Kingdom ndipo owoloka sankalembedwa. Onani kalembera wa ku England, wochitika zaka khumi zilizonse, kuyambira 1851. Kawirikawiri pa malo obadwira amangolemba "Ireland", koma mlembi wina ankawonjezera boma kapena tauni. Kenako mabuku a ubatizo ndi ukwati a matchalitchi a Katolika. Lembani maina a oimira mwana pa ubatizo ndi mboni za ukwati, poti anthu a mudzi umodzi ankakhala mumsewu umodzi n'kumaimirana. Ngati m'bale wina anapitirira ku America, mabuku a Emigrant Savings Bank ya ku New York ndi zilengezo zofunafuna abale mu nyuzipepala ya Boston Pilot nthawi zambiri amatchula parishi ngakhale townland.

Mukafika ku zolemba za ku Ireland, dziwani kuti kalembera wa 1821 mpaka 1851 anapsa mu 1922 ku Four Courts mu Dublin, tinangotsala tizidutswa. Wa 1861 mpaka 1891 boma linawononga lokha. Wa 1901 ndi 1911 ali aulere pa intaneti ku National Archives of Ireland. Boma linayamba kulemba obadwa ndi omwalira mu 1864, choncho kumbuyo kwake mudalire mabuku a parishi omwe National Library of Ireland inawaika pa intaneti, ndi Griffith's Valuation, kaundula wa obwereka malo wa 1847 mpaka 1864.

Chikumbe77

A Wamabuku anena zoona, koma Griffith's musaidalire kwambiri. Ku Mayo inalembedwa m'zaka za m'ma 1850, njala itasesa kale, ndipo imatchula mutu wa banja wokha. Amene anavutika kwambiri anali aganyu a kamunda ka mbatata ya kachewere, ndipo pofika nthawiyo ambiri anali atafa kapena atapita. Lamulo la 1847 lotchedwa Gregory clause linati wokhala ndi malo oposa kota ya ekala asalandire thandizo, ndiye anthu ankasiya munda kuti adye. Eni malo ena ankalipirira anthu ulendo kuti angochoka: ku Strokestown, m'boma la Roscommon, Major Denis Mahon anatumiza anthu 1,490 ku Canada mu 1847, ambiri n'kufera m'njira kapena pa chilumba cha Grosse Île, pomwe panaikidwa anthu oposa 5,000. Mapepala a eni malo otere ndi a workhouse (nyumba zosungiramo osauka) nthawi zina ndiwo okhawo otchula osauka ndi maina.

Pamene anthu amasokonezeka ndi apa. Ansembe ankalemba m'Chilatini, James amakhala Jacobus, William ndi Gulielmus. Bridget atha kupezeka ngati Delia. O' ndi Mac pa dzina zinkachotsedwa n'kubwezedwanso, ndiye fufuzani kalembedwe kalikonse. Zaka zobadwa perekani mpata wa zisanu uku ndi uku. Penshoni ya okalamba a zaka 70 itayamba mu 1909, anthu ena anakalamba zaka zoposa khumi pakati pa kalembera wa 1901 ndi 1911! Parishi ya boma si imodzi ndi ya Katolika ngakhale dzina lifanane. Ndiponso maparishi ena akumadzulo analibe mabuku mpaka njala itatha, ndiye mzere umatha kuduka pomwepo.

Mlangizi_wa_Dedza

Za unzika, achemwali, musayembekezere zambiri. Foreign Births Register, kaundula wopatsa unzika anthu obadwira kunja, imalandira munthu yemwe agogo ake enieni anabadwira pa chilumba cha Ireland. Chidzukulutudzi chimaloledwa pokhapokha kholo lake linalembetsa icho chisanabadwe. Amene anachoka mu 1847 ali kutali kwambiri, pokhapokha m'banjamo muli wina amene anabwera pambuyo pake. Ngati alipo, pamafunika zikalata zenizeni za kubadwa, ukwati ndi imfa za mibadwo yonse itatu.

Apongoziwo akamaikamba njalayi ngati yadzulo, pali chifukwa. Mu 1841 chilumbacho chinali ndi anthu oposa 8 miliyoni. Chiwawu chitagwira mbatata mu 1845, pafupifupi miliyoni imodzi anafa, oposa miliyoni n'kuthawa, ndipo kusamuka sikunaleke: woyamba ankatumiza ndalama ya ulendo wa mng'ono wake. Mu 1901 anatsala osakwana 4.5 miliyoni, ndipo mpaka lero chiwerengero cha 1841 sichinabwerere. Ambiri ankadalira mtundu umodzi wa mbatata, Lumper, bambo wogwira ntchito n'kumadya makilogalamu pafupifupi 6 patsiku. Boma la Robert Peel, nduna yaikulu ya United Kingdom nthawiyo, linagula chimanga ku America, koma anthu sankadziwa kuchigaya kapena kuchiphika, chinkawatsegula m'mimba.

Wamabuku

Ndinaiwala chimodzi. Ofuna penshoni ija ankatsimikiza zaka zawo pofunsa boma kuti liwayang'ane m'kalembera wa 1841 ndi 1851 asanapse. Mafomu amenewo alipo ku National Archives, ndipo amatchula makolo ndi townland. Yesani dzina la banjalo pamenepo, mutasankha Mayo.

Nachisale_UK

Zikomo nonse. Apongozi akuti buku la mapemphero la agogo awo lili ndi maina kuchikuto, tiyambira pamenepo Loweruka.