Kodi kuchuluka kwa asilikali nkhondo isanayambe tikutche chiyani?

Akuluakulu odziwa Chinyanja, tithandizeni. Pa nkhani za pa wailesi kuno ku Tete pakufunika mawu onena za nthawi imene boma likuwonjezera pang'onopang'ono asilikali, mfuti, magalimoto ndi chakudya pamalo amodzi, kuwombana kusanayambe. Pa Chipwitikizi amati reforço militar.

"Kusonkhanitsa asilikali" sikukwanira, kumamveka ngati perete wa tsiku limodzi, zida osatchulidwa. "Kukonzekera nkhondo" n'koopsa, chifukwa kumalengeza nkhondo yomwe mwina sichitika n'komwe. Anthu a ku Moatize amene anathawira ku Kapise, m'dziko la Malawi, mu 2016 akamva zotere angayambenso kumanga katundu.

Nanga "kuunjika asilikali ndi zida" kungamveke bwino ku Angónia ndi ku Zóbuè, kapena kuunjika n'kwa chimanga ndi nkhuni basi? Achikulire kwanuko amati chiyani?