Kodi ma Blu-ray a Demon Slayer ndi oyenera kugula kwa wokonda mbiri?

Wofunsa: Anzanga, ndikuganiza zogula ma Blu-ray a chigawo choyamba cha katuni wa ku Japan wotchedwa Demon Slayer, chimene chinatuluka mu 2019 ndi magawo 26. Ziwanda ndi ndewu sizindikopa kwenikweni. Ndikufuna kudziwa ngati katuniyu akuonetsa mokhulupirika dziko la Japan m'nthawi ya Taisho, kuyambira 1912 mpaka 1926.

Mkonda_Makatuni: Gulani mosakayika, achimwene. Mu 1876 boma la Japan linaletsa anthu, ngakhale asamurai akale, kuyenda ndi malupanga poyera, ndipo olemba sanaiwale lamuloli, chifukwa gulu lopha ziwanda silivomerezedwa ndi boma, moti Tanjiro, mnyamata amene nkhaniyi ikutsatira, ndi anzake amathamangitsidwa pa siteshoni ya sitima atawaona ndi malupanga. Onaninso mmene Tanjiro, wogulitsa makala wakumapiri, amasokonezekera atafika ku Asakusa, dera la mumzinda wa Tokyo, ndi kuona magetsi ndi chikhamu cha anthu usiku. Kusiyana kwa mudzi ndi mzinda m'zaka zimenezo kunali kotero ndithu.

Wamabuku: Ine sindikuvomereza. Zovala, nyumba ndi sitima anazijambula mwaluso, koma nkhaniyo ikanatha kusunthidwa kupita m'nthawi ina popanda kusintha zambiri. Japan inalowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1914, ndipo mu 1918 anthu anachita zipolowe chifukwa cha kukwera mtengo kwa mpunga, koma simudzamva wina akutchula zimenezi.

Mkonda_Makatuni: Pa zipolowezo mwafulumira, bambo. Chiwanda cha m'phiri limene ofuna kulowa gulu lopha ziwanda amayesedwera chimanena kuti chakhala chogwidwa zaka 47 kuchokera m'nthawi ya Keio, imene inatha mu 1868. Mukawerengera, nkhaniyi ikuyamba chisanadutse chaka cha 1915, mpunga usanavute. Ndipo mkwiyo wa chiwandacho chitamva kuti dzina la nyengo lasinthanso ukuonetsa bwino mmene anthu a ku Japan amawerengera zaka.

Wamabuku: Pamenepo mwandigonjetsa, koma za nkhondo ija sindikusintha maganizo. Amene akufuna kuphunzira za ndale ndi umoyo wa ogwira ntchito m'mafakitale agule buku la mbiri.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndiyamba ndaonera pa intaneti magawo a ku Asakusa, ndipo akandikhutiritsa ndigula. Kodi ma Blu-ray amenewa ali ndi mawu a Chijapani pamodzi ndi mawu omasulira olembedwa pansi?