Kodi "m'mera mpoyamba" ungakhudze wolemba mabuku?

Wokondamabuku: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi wa "m'mera mpoyamba" timaumva polangiza ana. Kodi m'mera n'chiyani kwenikweni? Nanga ndingautchule pokamba za wolemba amene nkhani zake zinachokera pa zomwe ankamva ali mwana?

Mlimiwakale: M'mera ndi mbewu zikangotuluka m'dothi, timasamba tidakali tiwiri titatu. Chimanga chimamera pasanathe sabata ngati chinyezi chilipo. Pamene mbewu yaola kapena mbewa zafukula, mumapakiza msanga. Mukachedwa, zopakizazo zimaphimbidwa ndi zinzake ndipo zimabereka tizisononkho. Choncho mwambiwu ndi chenjezo kwa wosamalira mbewu. Kuuika pa wolemba n'kuupinda pang'ono, poti mwana sasankha chomwe chikulowa m'khutu mwake.

Wanjanji: Ukupindika ndithu bambo, koma sukuthyoka. Wilbert Awdry, wolemba mabuku a ana, anabadwa mu 1911, ndipo mu 1917 banja lawo linasamukira ku Box, ku England. Kumeneko njanji ya Great Western Railway imakwera mita imodzi pa mamita 100 alionse. Sitima za katundu zinkalephera kukwera zokha usiku, ndiye injini ina inkakankha kumbuyo, oyendetsa akuimbirana malikhweru. Mwanayo ali pabedi ankamva ngati mainjiniwo akukambirana. Buku lake loyamba la sitima zoyankhula linatuluka mu 1945.

Wokondamabuku: Alipo malo oti munthu n'kumva phokoso lotero lero?

Wanjanji: Talyllyn Railway, njanji ya sitima za nthunzi ku Wales. Inamangidwa cha m'ma 1865 kuti izinyamula miyala yofolera nyumba, ndipo mu 1951 anthu ongodzipereka anaitenga kuti isafe. Ndi yopapatiza, mamilimita 686 pakati pa zitsulo, ndipo imayenda makilomita oposa 11 kuchoka ku Tywyn kukafika ku Nant Gwernol, pafupifupi ola limodzi. Khalani m'bogi loyandikana ndi injini. Njanji ikanyowa mateyala amaterereka, injini n'kupuma mothamanga mwadzidzidzi. Woyendetsa amachepetsa nthunzi n'kuthira mchenga pazitsulo. Katundu wa m'chipinda chomwe Awdry ankalembera ali m'nyumba yosungira zakale pasiteshoni ya Tywyn Wharf.

Awdry anakagwira ntchito yaugadi wa sitima panjanjiyi mongodzipereka mu 1952. Tsiku lina analola sitima kunyamuka, mayi wogulitsa zakumwa atatsala ku Abergynolwyn. Cholakwacho chinakalowa m'buku lake.

Mlimiwakale: Apo ndiye anali ndi zaka zoposa 40, mayi. Umenewo si m'mera, ndi nthawi yobandira.