Zowonjezera kwa mayi a ku Nchalo: tsiku la opaleshoni ya maso layandikira

Mayi, munafunsa ngati opaleshoni ya laser (kuwala kwamphamvu) yochotsa kufunika kwa magalasi imapweteka, ndipo tsopano mwatiuza kuti tsiku apereka koma tulo sakubwera. Mantha ambiri amabwera chifukwa chosadziwa zomwe zichitike m'chipindamo.

Simugonetsedwa. Amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi m'diso, n'kuika kachitsulo kotsegula zikope, choncho za kuphethira musade nazo nkhawa. Pa LASIK, mtundu wa opaleshoniyi umene amadula kachikopa kopyapyala kakutsogolo kwa diso n'kukonza pansi pake ndi laser, mudzamva kukanikizika, kuona kudzachita mdima kwa masekondi ochepa, mwinanso kafungo ngati ka tsitsi lopsa. Zonsezi n'zoyembekezeka. Ntchito yonse sifika mphindi 30.

Ngati mumavala ma contact lens ofewa, asiyeni masabata 2 asanakupimeni, olimba masabata 4, chifukwa amasintha maonekedwe a mbali yakutsogolo ya diso ndipo muyeso ungalakwike. Patsikulo musadzole mafuta kapena pefyumu. Auzeni adokotala ngati muli ndi shuga kapena pathupi.

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi kubwerera kwanu kuchigwa. Gonani kufupi ndi chipatala mpaka akuoneni mawa lake. Fumbi la mumsewu, utsi wa nkhuni ndi thukuta zimayabwitsa diso, ndipo kulitikita kungasunthe kachikopa kodulidwako. Valani magalasi a dzuwa, ndipo madzi a mu Shire asakhudze maso mpaka adokotala atalola.