Mwana wanga amangoloweza tsamba koma sawerenga, ndimuthandize bwanji?

Makolo anzanga ndi aphunzitsi amene muli pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 7, ali Sitandade 2 pa sukulu ya boma kuno ku Lilongwe. Sabata yatha aphunzitsi ake anatiitana makolo kuti tikambirane mmene ana akuchitira temu yachiwiri isanathe.

Ndinapita mtima uli m'malo chifukwa kunyumba amatiwerengera buku lake la Chichewa osaphonya. Koma madamu analemba papepala mawu ngati moto, mutu ndi kanema, opanda chithunzi pambali, mwana n'kungoti kakasi. Akuti amaloweza tsamba lonse poona chithunzi. Mayina a malembo akuwadziwa, koma maliwu ake ayi, ndiye kuphatikiza m ndi o kuti atchule mo kukumukanika. Chinanso, anayambira ku nasale kumene ankaimba ABC m'Chingerezi, moti akaona e amati i, akaona i amati ai.

Madamuwo sindikuwadandaula, anandilankhula mwaulemu ndipo kalasi lawo ana amapitirira 100. Anati ndizikhala naye pang'ono tsiku lililonse, ndipo pakapanda kusintha pofika Julaye, ndi bwino abwereze kalasi. Apa ndi pamene pandisowetsa tulo. Bambo ake akuti timusamutsire ku pulayiveti komwe amaphunzitsa m'Chingerezi chokhachokha. Ine ndikuona kuti amene akulephera kuwerenga chilankhulo chimene amalankhula, chachilendocho chimulemera koposa, komanso fizi yake sitingaikwanitse. Ndimagulitsa kaunjika, ndimafika kunyumba kutada. Ndiyambire pati? Nanga kubwereza kumathandizadi?

Ndemanga

Mphunzitsi wa Sitandade 1: Mayi, musataye mtima, ana otere timakumana nawo chaka chilichonse. Kuyambira 2016 sukulu za boma zikutsata ndondomeko yophunzitsira ana kuwerenga yotchedwa National Reading Programme, ndipo timayamba ndi liwu la lembo, kenako maphatikizo, kenako mawu. Bwererani naye pa a, e, i, o, u mpaka azitchula mwa Chichewa. Mukatero tengani malembo otsala m'mawu oti anikumeto, ndiye kuti n, k, m ndi t, muzipanga na ne ni no nu, ka ke ki ko ku. Lembani phatikizo lililonse pa kachidutswa ka katoni, muzisakaniza, iye azilumikiza yekha: ma ndi ke, make, ta ndi te, tate. M'buku bisani kaye chithunzi ndi dzanja. Ubwino wa Chichewa ndi woti chimawerengedwa mmene chalembedwera, akangogwira maphatikizo amathamanga. Chonde osamukalipira akalakwitsa, mantha amatseka mutu.

Bambo wina wa ku Zomba: Mupite naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu. Wanga ankakhala kumbuyo kwa kalasi, pa bolodi samaonapo bwino, ife tikuyesa ulesi. Mupemphenso madamu amukhazike kutsogolo.

Mayi wina: Za kubwereza ine ayi. Wanga anabwereza Sitandade 2, anzake ankamuseka mpaka anayamba kukana sukulu. Nthawi ilipo, limbanani nazo kaye. Ngati madzulo mumatopa, m'mawa akamadya phala ndi nthawi yabwino, kapena mkulu wake azilemba naye pansi ndi kamtengo.

Mwini funso: Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Kuchipatala tipita Lachisanu, ndipo makatoni ndili nawo ambiri kumsika. Aphunzitsi, ndifunsenso: maphatikizo ovuta aja ngati mba, ndi, nkha ndi ng'o ndimuyambitse liti? M'buku lake alimo kale, ndiye ndikuopa kuti ndikawasiya atsalira kwambiri m'kalasi. Komanso Chingerezi tichisiye kaye kunyumba kapena tiziphatikiza?