Liwiro lilipo pa 4G koma mawu akuchedwa pa Zoom, vuto lili pati?

Nyakwawa_Net:
Akuluakulu, thandizeni. Ofesi ya anthu 15 ili pa rauta ya 4G. Speedtest ikuonetsa 25 Mbps, koma pa Zoom mawu akufika mochedwa moti anthu akumadulana pakamwa. Ping (nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako, mu ms, pomwe 1,000 ms ndi sekondi imodzi) imakhala 45 ms, wina akangoyamba kutumiza mafayilo imakwera mpaka 700 ms. Tiyambire pati?

Mlongoti:
Achimwene, manambala anuwo ayankha kale, imeneyo ndi bufferbloat. Modemu imaunjika mapaketi (tizidutswa ta deta) pamzere m'malo motaya ena, ndiye kapaketi ka mawu kamadikira kumbuyo kwa fayilo yonse. Yezani upload kangapo madzulo, netiweki itadzaza. Kenako pa rauta ya OpenWrt (pulogalamu yoyendetsa rauta) yatsani SQM, imene imayang'anira mzere wa mapaketi, musankhe njira yake yotchedwa CAKE, malire muike pa 85% ya nambala yotsikitsitsa imene mwapeza, download chimodzimodzi. Ambiri amalakwitsa poyeza m'mawa: malire akaposa zimene nsanja ya netiweki ikupereka, mzere umabwerera m'modemu ndipo CAKE imangokhala chokongoletsera.

Mai_RF:
Zoona, koma 45 ms yotsalayo muiyang'anenso. Malangizo a matelefoni a padziko lonse otchedwa ITU-T G.114 amati mawu asamachedwe kupitirira 150 ms ulendo umodzi, ndipo codec (yosandutsa mawu kukhala deta) ndi jitter buffer (yosunga mawu kwakanthawi kuti amveke mwadongosolo) zimadyapo kale gawo lake. Pa LTE (ndiye 4G), foni kapena modemu isanatumize kanthu imayamba yapempha mpata kwa nsanja, n'kudikira chilolezo. Paketi ikafika yowonongeka, njira yotchedwa HARQ imaibwereza pakatha 8 ms pa FDD (mtundu wina wa LTE). Sinyolo ikakhala yakuda kubwerezaku kumachuluka, ndipo jitter, kusinthasintha kwa nthawi imene mapaketi amafikira, imachokera pamenepo. Musakhulupirire timizere ta sinyolo, onani SINR, nambala yoonetsa mmene sinyolo ikupambanira phokoso. Ikakhala pansi pa 5 dB, kwezani antena panja iyang'ane nsanja, chingwe chikhale chachifupi chifukwa chachitali chimadya phindu lonse.

Dziwaninso kuti VoLTE (kuimba foni wamba pa 4G) imayenda pa QCI 1, gulu limene netiweki imalitsogoza, malire ake a kuchedwa 100 ms, pomwe Zoom ndi WhatsApp nthawi zambiri zimakankhana ndi aliyense pa QCI 9, gulu la intaneti wamba. Zimenezo rauta yanu singasinthe.

Mlongoti:
Mwanena zoona mayi. Chinanso ndi mtunda. Mu faiba kuwala kumayenda pafupifupi 200 km pa 1 ms, choncho 1,000 km iliyonse ndi 10 ms kupita n'kubwera. Ngati muli ndi VPN (yodutsitsa intaneti yanu pa seva ina) yotulukira ku London pomwe seva ya Zoom ili ku Johannesburg, ikungozungulitsa mawu pachabe. Izimitseni pa msonkhano, kapena Zoom muipatule isadutsemo. Traceroute (yoyeza kuchedwa pa malo alionse amene mapaketi akudutsa) ikaonetsa 500 ms kapena kuposa usiku ndi usana, mwina nsanjayo ikudalira satelayiti ya geostationary (yokhala kutali kwambiri mlengalenga), ndipo pamenepo SQM sithandiza, yesani SIM ya kampani ina.